Maungu akuyoyoka, apusi akukolola: nditani ndi dimba langa dzinja lino?

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Likhubula, ku Mulanje:

"Nditapuma ntchito yauphunzitsi ndinabwerera kumudzi. Kuseri kwa nyumba ndinatsegula kadimba ka mamita 15 mulitali ndi 10 mulifupi, ndipo kumaso ndinadzala maluwa. Dzinja lathali ndalira nalo. Tomato anauma masamba asanabereke, maungu ankachita maluwa koma tizipatso tinkangoyoyoka, nkhono zinatha mpiru, apusi anakolola mondokwa zonse. Ndinkapopera mankhwala sabata iliyonse koma sizinathandize. Usiku kadzidzi amalira mu mtengo wa mapeyala, ananzikambe ali mbwee mumpanda, ndipo bambo a kunyumba akuti tigule tameki tithane nazo zonse. Ndidzale chiyani, ndipo zilombozi ndizitani?"

Mayi, ndiyambe ndi tameki, chifukwa ndiye angakuphereni mdzukulu. Musagule. Poizoni ameneyu amalowa ngakhale pakhungu, ndipo sasankha woti amuphe. Mukamuika m'nthochi kuti adye pusi, nthochiyo ikhoza kutoledwa ndi mwana wa aneba, nkhuku kapena galu. Khoswe akafa naye, mphaka amene adye khosweyo amatsatira. Ndinaonapo khomo lina kuno ku Thyolo kumene anamwaza chimanga chapoizoni pofuna agologolo. Kutacha anatola nkhuku 9 ndi galu wawo, agologolo ali m'mitengo kuonerera maliro. Auzeni bambo kuti ndawapatsa moni, ndipo kumapeto kuno ndili ndi kantchito kawo.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mawu amene andiimitsa si a apusi ayi, ndi oti munkapopera sabata iliyonse. Ndikuganiza kuti maungu anu anaphedwa ndi sipuleya yanu yomwe.

Mawa m'mamawa mukaone bwino maluwa a dzungu lililonse limene mungapeze. Alipo amitundu iwiri pa chomera chimodzi. Lalimuna limakhala pa kaphesi katali kowonda. Lalikazi limakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, ngati mwana ali kumsana. Kadzungu kameneko sikangakule pokhapokha mungu wa duwa lalimuna utafika mkati mwa lalikazi, ndipo mungu wa dzungu ndi wolemera, womata, mphepo siutenga. Amaunyamula ndi njuchi ndi abemberezi. Duwalo limatseguka m'bandakucha, pofika masana lafota, ndipo mawa silitsegukanso. Ndiye ngati m'mawa umenewo simunabwere njuchi, kadzunguko kamachita chikasu, kufota kuyambira kunsonga, n'kugwa. Mankhwala amene ambiri timagula m'timabotolo, monga cypermethrin, amapha njuchi ngati mmene amaphera mbozi. Mukapopera m'mawa maluwa ali otseguka, mwapha antchito anu ali pa ntchito.

Palinso zina ziwiri zoti muzifufuze musanaimbe mlandu sipuleya yokha. Choyamba ndi m'phika. Ife a kuno timakonda chiluwe, ndipo wothyola ndiwo akapita m'bandakucha amatha maluwa onse aamuna njuchi zisanadzuke. Thyolani cha m'ma 10 koloko, ndipo siyaniko ena. Chachiwiri ndi ntchentche zoboola zipatso. Tengani kadzungu kakugwa mukang'ambe. Mukapeza kadontho pakhungu ndi timphutsi toyera mkati, imeneyo ndi ntchentche. Zogwa zonse muzitole, muzimangirire m'jumbo n'kuika padzuwa masiku angapo, kapena muzikwirire m'dzenje lakuya theka la mita, chifukwa mukazisiya pansi mphutsizo zimalowa m'dothi n'kutuluka ntchentche zatsopano.

Januwale wa ku Mulanje ali ndi vuto lake. Mvula ikagwa masiku atatu osakata, njuchi sizituluka ngakhale musanapopere kanthu. Masiku otero khalani njuchi ndinu. Thyolani duwa lalimuna, chotsani masamba ake achikasu kutsale kamutu ka mungu, ndipo kapakeni pang'onopang'ono pakati pa duwa lalikazi isanakwane 9 koloko. Lalimuna limodzi limakwanira aakazi awiri kapena atatu. Adzukulu amaikonda ntchito imeneyi. Ndipo musathire Urea pa maungu ngati mukufuna zipatso. Mudzadya nkhwani wambiri, dzungu osaliona.

Za tomato ndikuyankhani mosakunyengererani: dzinja la m'tsinde mwa phiri si nyengo yake. Mitambo yochokera kunyanja ya mchere ikafika pa phiri lanulo, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, imakhuthula madzi. Madera a tiyi a kumeneko amalandira mvula yopitirira mamilimita 1,500 pachaka, ndipo mbali ya ku Ruo imaposa pamenepo. Tiyi amasangalala. Tomato amadwala chiwawu, matenda amene amayamba ngati madontho abulawuni onyowa pamasamba, n'kufalikira ku thunthu ndi ku zipatso. Masamba akakhala onyowa usiku wonse kunja kuli kozizirira, bedi lonse likhoza kupsa m'sabata imodzi. Chiwawu si kachilombo koyenda ndi miyendo, ndi nthenda yofalikira ndi mphepo ndi madontho a mvula, choncho mankhwala a mbozi amene munkapopera sanachikhudze n'komwe. Zinali ngati kumwa mankhwala a njoka zam'mimba pamene mukudwala malungo.

N'chifukwa chake tomato amakwera mtengo pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Bvumbwe pakati pa Januwale ndi Malichi. Amene amamulima nyengo imeneyo amapopera Dithane nthenda isanafike, mvula ikatsuka n'kubwerezanso, ndipo amawerengera ndalama zake. Inu wa pakhomo, ngati simungagone osadzala tomato, dzalani mitengo 10 kapena 12 yokha pansi pa kadenga ka pulasitiki yoonekera, m'mbali muli motseguka kuti mphepo izidutsa. Italikirane masentimita 60, muimangirire ku timitengo, musadze masamba onse a m'munsi mpaka masentimita 30 kuchokera pansi, muphimbire dothi ndi udzu wouma kuti matope asathovukire kumasamba, ndipo muzithirira patsinde. Masamba akakhala onyowa musawagwire. Koma tomato wanu weniweni, wa mtundu wa Tengeru kapena Tanya, mumudzale mvula itatha. Ngakhale pamenepo chenjerani ndi chiperoni cha Juni ndi Julayi, chifukwa kamvula kowaza kaja nako kamabweretsa chiwawu. Ine wanga amandikomera kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ndikuthirira ndi kheni.

Kuli kufota kwina kumene anthu amakusokoneza ndi chiwawu. Tomato amafota masana ali wobiriwira, masamba opanda dontho, ngati wasowa madzi pamene dothi lili lonyowa. Dulani kachidutswa ka thunthu, muviike nsonga yake m'tambula ya madzi oyera osagwedeza. Pakapita mphindi zochepa mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika, nthendayo ili m'dothi ndipo ilibe mankhwala opopera. Zulani, tenthani, ndipo pamalopo pasabwerenso tomato, mabilinganya, tsabola kapena mbatatesi kwa zaka zitatu kapena kuposa.

Nanga mudzale chiyani? Zimene agogo athu ankadya dzinja. Ife amene tinapitako kusukulu tili ndi kamatenda koganiza kuti dimba ndi kabichi, repu ndi tomato, ndipo bonongwe akamera yekha timamupalira ngati udzu. Kabichi, repu, chayinizi ndi mpiru ndi mbewu za nyengo yozizira. Zimakoma kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Mukazikakamiza mu Januwale zimaola, ndipo mbozi ndi nkhono zimazipeza zili zofooka kale. Walira mvula walira matope, koma pali ndiwo zimene matopewo ndiye kwawo.

Bonongwe ndiye mfumu. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, choncho sakanizani kasupuni kamodzi ndi mchenga wodzadza manja awiri, mumwaze m'timizere totalikirana masentimita 30, osakwirira mozama. Pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kudya wopatulira, ndipo wotsalayo mukamamudula nsonga amaphukira kwa miyezi iwiri. Muzifesa kabedi katsopano masabata atatu alionse kuti asakutherereni pamodzi. Luni amafuna malo a manyowa ambiri ndi dzuwa. Mukamachotsa maluwa ake amachedwa kukalamba, koma siyani mitengo ingapo ichite maluwa, chifukwa mbewu ya chaka chamawa ichokera pomwepo. Therere lobala limakonda kutentha, limayamba kubereka pakatha miyezi iwiri, ndipo limafuna kuthyoledwa masiku awiri alionse lisanakhwime. Onjezani chitambe, khwanya, denje, mabilinganya ndi kambuzi. Kholowa mumudzale m'mbali mwa mabedi kuti agwire dothi. Chisoso ndi mwamunaligone simufunika kuzidzala, zibwera zokha, inu muzingozidya zisanachite njere. Nandolo ndi kalongonda, zimene kwanuko simusowa mbewu yake, zikhale kumpanda. Zimabwezera chonde, ndipo maluwa a nandolo amasunga abemberezi pakhomo miyezi imene maungu atha. Mu Malichi ndiwo zikachuluka futsani, mudzazifuna mu Okutobala.

Dothi lofiira la Mulanje ndi Thyolo nthawi zambiri ndi la asidi wochuluka, chifukwa mvula yambiri imatsuka mchere wam'nthaka. Tiyi ndi chinanazi zimakondwa nalo, koma ndiwo zambiri zamasamba zimapinimbira, ndipo feteleza amene mwathira sagwira bwino ntchito. Njira yolongosoka ndi kuyezetsa dothi. A alangizi a zaulimi a dera lanu akhoza kukuuzani katengedwe kake ndi kotumiza, ndipo malo a kafukufuku a Bvumbwe, amene amadziwika ndi za ndiwo zamasamba ndi zipatso, sali kutali. Poyembekezera, mwazani layimu waulimi wodzadza dzanja limodzi kapena awiri pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, mwezi umodzi musanadzale. Phulusa la kukhitchini limathandizanso, lochepa, losakaniza ndi dothi. Manyowa owolerana, ndowa imodzi ya malita 20 pa malo omwewo. Mabedi a dzinja akhale okwera masentimita 20 mpaka 30, mulifupi mita imodzi, opingasa kutsetsereka kwa malo. Kumtunda kwa dimba dzalani mzere wa udzu wa vetiva, ndipo madzi ochokera padenga muwakonzere ngalande yawoyawo. Inu amene munaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindikuphunzitsani chimene madzi a m'phiri amachita akasowa njira.

Maluwa mwawaika kumaso kwa nyumba, ndiwo kuseri, ngati mitala yosayenderana. Sakanizani. Zinnia, cosmos ndi marigold mukhoza kufesa mu Disembala pomwe mukufuna kuti zikulire, ndipo pakatha miyezi iwiri zachita maluwa, agulugufe ndi njuchi zili piringupiringu pafupi ndi maungu anu. Zinnia musamuthithikanitse, masamba amachita madontho kukanyowa. Mpendadzuwa ukhale kumpanda. Chidede chimakupatsani zitatu: duwa lokongola, ndiwo, ndi chakumwa chofiira chija. Mpungabwi ukachita maluwa njuchi sizichokapo. Ndipo mpiru wanu wa nyengo yozizira, siyani mitengo ingapo ichite maluwa achikasu. Amaitana tintchentche ta mizere ngati njuchi timene timaima malo amodzi m'malere, ndipo ana ake amadya nsabwe za m'masamba.

Za marigold mumva zambiri, zoti amathamangitsa chilichonse. Zoona zake n'zakuti amachepetsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato ndi therere ngati mikanda, koma pokhapokha mutadzadza bedi lonse ndi marigold kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako n'kudzalapo mbewuyo. Mitengo iwiri pakona ndi yokongoletsa chabe.

Timbalame ta choso, tija ta milomo yaitali yokhota, timatsata maluwa ofiira ndi achikasu okhala ngati kapaipi: canna, salvia, hibiscus, ndi duwa la nthochi. Timamwa timadzi totsekemera, koma ana ake timawadyetsa tizilombo ndi akangaude a m'dimba lomwelo. Maluwa a rozi dzinja amavutika ndi madontho akuda ndipo amafuna kupopera, ine ndinawasiya. Hydrangea ndiye wa kwathu kuno. M'dothi la asidi amatulutsa maluwa a buluu amene mumawaona m'makomo a m'maesiteti, ndipo mukamuthira phulusa kapena layimu amasanduka pinki. Ndiye phulusa lipite ku ndiwo, iye mumusiye ndi dothi lake.

Pali atatu oti muwayang'anitsitse. Lantana, chitsamba cha timinga ndi timaluwa tosakanikirana mitundu, musachilole ngakhale agulugufe amachikonda. Mbalame zimamwaza njere zake mpaka m'nkhalango, ndipo chimadwalitsa ng'ombe. Deliya wachikasu wa m'misewu uja masamba ake ndi manyowa abwino kwambiri, koma mumudule asanachite njere, apo ayi alanda dimba lonse. Ndipo duwa lofiira ndi chikasu lokhala ngati malawi a moto, limene limayanga m'tchire nthawi ya Khirisimasi, lomwe a ku Zimbabwe analisankha kukhala duwa la dziko lawo, ndi poizoni kuyambira ku duwa mpaka ku kambatata kake. Pakhomo pa adzukulu okumbakumba lisakhale.

Tsopano alendo anu. Mwawaika onse m'thumba limodzi la "zilombo", koma ambiri mwa iwo ndi aganyu osalipidwa. Nanzikambe alibe poizoni, salodza, ndipo tsiku lonse amangosaka ziwala, ntchentche ndi mbozi ndi lilime lake lalitali. Akamatsegula kukamwa n'kufufuma ndiye kuti akuopa inu. Kuti ali mbwee mumpanda mwanu ndi nkhani yabwino, zikusonyeza kuti sipuleya sinafike kumeneko. Ndipo a ku Mulanje muyenera kumunyadira. M'nkhalango za phiri lanulo, cha ku Ruo, muli mtundu wa nanzikambe umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo akatswiri a sayansi anautcha Nadzikambia mlanjensis, kutengera dzina lathu lomweli.

Chule amene amabisala pansi pa mtsuko amatuluka usiku kudya mbozi zodula mbande, chiswe ndi tinkhono tating'ono. Muikireni phale lovundikira pamthunzi. Chiswamphika, buluzi, gulo, akangaude, mavu amene amanyamula mbozi kupita nazo ku chisa, ndi tizilombo tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe za m'masamba, onsewa ali mbali yanu. Apumbwa adzajompha papaya ndi tomato wakupsa, inde, koma amadyanso tizilombo. Thyolani zipatso zikangoyamba kusintha mtundu, zikapsere m'nyumba. Mukafuna mbalame zambiri ikani kabeseni ka madzi pamalo pamene mphaka sangabisale, koma madziwo muzitaya masiku awiri kapena atatu alionse. Udzudzu umatha kukula kuchoka pa dzira mpaka kuuluka m'sabata imodzi ndi masiku ochepa, ndipo sitikufuna kuweta malungo pofuna kumva nyimbo za mbalame.

Agulugufe ndiye amafuna mtima wololera, chifukwa gulugufe aliyense anali mbozi. Pa mtengo wa ndimu mudzaona timbozi tooneka ngati zitosi za mbalame. Timeneto tidzakhala agulugufe aakulu akuda a madontho achikasu. Pa mtengo waukulu tisiyeni. Pa mbande yaing'ono tichotseni ndi manja.

Akuba enieni ang'onoang'ono ndi anayi, ndipo onse amagonja ndi manja kuposa botolo. Nkhono zikuluzikulu zija iliyonse imaikira mazira, palibe yaimuna payokha, n'chifukwa chake zimachuluka ngati zagwa ndi mvula. Masana zimabisala pansi pa zinyalala, ndiye dzinja musaunjike udzu wophimbira pafupi ndi mbande zanthete. Yalani chiguduli chonyowa kapena masamba a nthochi pakati pa mabedi madzulo, pansi pake muike makoko a papaya, m'mawa mukazitole zonse pamodzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndi tochi cha m'ma 8 koloko usiku mudzaziona zambiri osadekha n'komwe. Chitani zimenezi masabata awiri otsatizana mvula yoyamba ikangogwa, zisanaikire. Abakha amazidya, koma muwalowetse m'dimba muli pomwepo, chifukwa akamaliza nkhono amayamba ndiwo. Musambe m'manja mukazigwira ndipo ndiwo muzitsuke bwino. Izi si nkhono za likodzo, zija zimakhala m'madzi.

Anunkhadala amaswa mvula yoyamba ikayandikira, ndipo ali ang'ono amaunjikana pa chitsamba chimodzi. Imeneyo ndiyo nthawi yake. M'mamawa kukadali mame amakhala aulesi, agwedezereni m'ndowa ya madzi a sopo. Mukawalekerera mpaka amere mapiko amwazikana, ndipo nkhuku siziwafuna. Nkhululu zimadula mbande usiku n'kukokera kudzenje. Funani kamulu ka dothi latsopano, itanani ana, iwo amadziwa chochita nazo ndipo mchere ali nawo kale. Mfuko ndiyo yovuta, chifukwa simuiona, mumangoona milu ya dothi ndi mbatata kapena chinangwa chikufota. Fukulani njira yake pa mulu watsopano. Siikonda mphepo, imabwera kudzatseka, ndipo msampha umatcheredwa pomwepo. M'mudzi mwanu simungalephere kupezeka mkulu wodziwa kutchera. Alimi ambiri amadzalanso mthuthu kuzungulira munda kuti mfuko zisalowe.

Mthuthu womwewo, ena amati ombwe, ndiwo mankhwala amene ndingakuloleni mbozi kapena nsabwe zikachulukadi. Sinjani masamba okwana kilogalamu imodzi, muviike m'malita 10 a madzi usiku wonse, sefani, onjezani kasopo pang'ono, ndipo mupopere madzulo njuchi zitapita, pa mbewu yogwidwayo yokha osati dimba lonse. Dikirani masiku angapo musanathyole, ndipo mutsuke. Dziwani zitatu. Ndi poizoni wa nsomba, choncho zotsala ndi zotsukira zisapite ku mtsinje wa Likhubula kapena ku kamtsinje kalikonse. Mitengo ina ya mthuthu ilibe mphamvu ngakhale imafanana ndi inzake, ndiye tengani mbewu kwa munthu amene wake amagwira ntchito. Ndipo mizu yake imasunga tinyongolotsi totupitsa mizu tija, choncho usayandikane ndi tomato kapena therere.

Apusi. Apa sindikulonjezani zozizwitsa. Mumakhala m'mphepete mwa nkhalango imene boma linaiteteza mu 1927, ndipo mitengo ya zipatso zakutchire ikamatha ndi makala ndi macheka, iwo amatsikira kumene kuli chakudya. Kuno kwathu nkhalango ya phiri la Thyolo inatha pafupifupi yonse tikuona, ndipo nyama zotsala zinathawira m'timitengo ta m'maesiteti ndi m'makomo mwa anthu. Pusi ndi wanzeru. Chidole chovala malaya a bambo amachiopa masiku atatu, lachinayi amakhala paphewa pake. Wailesi, mabelu, mapepala onyezimira, zonse amazizolowera. Amadziwanso kusiyanitsa anthu, ndipo kawirikawiri amaderera amayi ndi ana.

Chimene chimagwira ntchito ndi khola. Osati la apusi, la ndiwo. Sankhani kachigawo ka mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi, muzike nsungwi kapena mabulugamu, mukute ndi waya wa nkhuku m'mbali ndi pamwamba pomwe, chitseko chikhale ndi loko kapena waya wopota, chifukwa kachingwe amamasula. Mmenemo muike zimene amazifuna kwambiri: tomato, kaloti, nyemba zaziwisi. Kunja kukhale zimene sazilabadira kwenikweni, monga kambuzi, adyo, anyezi, jinja ndi udzu wa mandimu wothira mu tiyi. Dulani nthambi zimene zimawapatsa mlatho kuchoka m'mitengo kufika padenga kapena pampanda. Dzala la zinyalala livundikiridwe, makoko a nthochi ndi mango akugwa asagone pabwalo, ndipo pasapezeke wowaponyera chakudya, ngakhale mlendo wofuna kujambula. Nkhani imeneyi mukambirane ndi aneba, chifukwa khomo limodzi likamawadyetsa mudzi wonse umalipira. Galu wolusa amathandiza. Apusi amabwera kwambiri m'mawa ndi chakumadzulo, ndiye masabata amene zinthu zikucha pakhale munthu.

Koma mondokwa, mayi, pa kadimba ka mamita 15 m'tsinde mwa phiri, ndi kuitana alendo ndi kalata. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mwambiwu ukunena ife alimi. Chimanga chikhale kumunda kumene anthu amalondera pamodzi. Gulu la apusi kapena anyani likayamba kulowa m'nyumba kapena kuopseza ana, kanenani kwa amfumu ndi ku ofesi ya zankhalango kuti adziwitse a nthambi yoona za nyama zakutchire. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Njoka simunazitchule, koma dimba la maungu dzinja silisowa njoka. Zambiri, monga kanjoka kabulawuni kamene kamapezeka m'nkhokwe, zimatsata makoswe ndipo zilibe ululu. Yoopsa m'dimba ndi mphiri, chifukwa siithawa, imangogona phee pansi pa masamba. Njira za pakati pa mabedi zikhale zoyera, milu ya njerwa ndi nkhuni ikhale kutali ndi khomo, muzivala jombo, ndipo musanapise dzanja pansi pa nkhwani yambani mwagwedeza ndi ndodo. Usiku tochi. Munthu akalumidwa musamange chingwe, musateme, musayamwe. Muvuleni mphete ndi zibangili, asayendeyende, mumunyamule kupita kuchipatala. Ikakhala ija yolavulira m'maso, tsukani masowo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo kenako kuchipatala.

Ndatsala ndi kadzidzi ndi kantchito ka bambo kaja. Zimene tinakula tikumva za mbalame imeneyi ndikuzidziwa, nanenso mayi anga ankaponya chikuni chamoto ikalira padenga, ndipo sindikufuna kukangana ndi aliyense za maliro. Ndingopempha kuti Loweruka m'mawa bambo apite pansi pa mtengo wa mapeyalawo, ayang'ane pansi pa nthambi imene kadzidziyo amakhala. Apeza timibulu totuwa, touma, tokhala ngati chala chachikulu. Si zitosi. Kadzidzi amameza nyama yathunthu, kenako amalavula ubweya ndi mafupa zimene sangagaye. Atole tingapo, aviike m'chitini cha madzi, aphwanye ndi kamtengo pa pepala. Mudzatuluka mapiko a zikumbu, tinsagwada ta mano achikasu ndi timitu ta mbewa ndi makoswe. Awerenge timituto, asambe m'manja, ndipo mudzandilembere kuti anapeza tingati.